Injini ikati +3 koma geimu ili draw: mmene mungazindikirire linga

Mwasewera geimu yanu ya chess bwinobwino, mwafika ku endgame muli ndi zida zambiri kuposa mnzanu, mwayesa uku mwayesa uku osalowa, mapeto ake mwagwirana chanza kuti draw. Kenako mwatsegula analysis pa foni, injini (pulogalamu yosanthula chess) ya Stockfish yalemba +3, kutanthauza kuti mwatsogola ngati ndi ma pawn atatu, mtima n'kuyamba kuwawa kuti ndataya win yaulere. Nthawi zina simunataye kalikonse anzanga. Mnzanu uja anamanga chomwe a chess amati fortress, ine ndimangoti linga, ndipo injini imavutika kuliona.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Injini imawerenga ma move akutsogolo, ikafika pomwe yalekezera imayang'ana bolodi n'kupereka nambala. Ikaona queen mbali ino, rook mbali inayo, nambala imakomera wa queen basi. Koma linga tanthauzo lake ndi lakuti palibe chomwe chisinthe ngakhale musewere mpaka mawa, ndiye kuti injini itsimikize zimenezo imayenera kufika pa lamulo lija la ma move 50 opanda kudya kapena kusuntha pawn, komwe ndi kutali kwambiri. Chiyambire 2020 pomwe Stockfish 12 inabwera ndi NNUE (njira yatsopano yoyezera position) zinthu zinasinthako, injini ina ya Leela Chess Zero nayo imayesetsa, koma vutoli silinatheretu makamaka ma pawn akatsekana ambiri.

Choyamba werengani zida zonse zomwe zatsala pa bolodi, ma king omwe. Ngati zili 7 kapena kuchepera apo musavutike ndi nambala ya injini, pitani ku tablebase, nkhokwe ya mayankho a ma endgame. Pa webusaiti ya chess ya Lichess mu analysis mumangodina kachizindikiro ka buku kaja, imakuuzani win, draw kapena loss motsimikiza chifukwa ma position onsewo anawerengedwa kale mpaka kumapeto. Ndi yaulere, bando yake ndi yochepanso.

Zida zikaposa 7 m'pamene pamafunika maso anu. Isiyeni injini iganize kaye, inu muziyang'ana nambala. Position yowinadi nambala imakwera, +3 imasanduka +5, kenako +9, mpaka kutulukira mate. Ya linga imangoima pamodzimodzi, depth (kuchuluka kwa ma move omwe yawerenga kutsogolo) 25 ili +2.8, depth 40 ili pomwepo. Tsegulaninso ma line (njira zomwe injini ikupereka) atatu kapena asanu nthawi imodzi. Mukaona ma move osiyanasiyana onse ali ndi nambala yofanana ndendende, dziwani kuti injini ikuti chilichonse ndi chimodzimodzi, ilibe njira. Ndiye tsatirani line yoyambayo move ndi move pa bolodi, musamangowerenga ndi maso. Mupeza king wapita ku e4 wabwerera ku d3, bishop wazungulira wafika pomwe anachoka, palibe pawn yasuntha. Mukapitiriza ma move 20 kapena 30 nambala ija imayamba kutsika yokha kulowera ku 0.00.

Ndiye tsekani injiniyo mudzifunse nokha kuti khomo lili pati. Makomo ake ndi ochepa: pawn yoti ikankhidwe n'kutsegula mzere, chida choti mupereke dala kuti mpanda ugumuke, malo oti king wanu adutse, kapena zugzwang, pomwe move iliyonse yomwe mnzanu angasewere ikumuonongera. Iyi yomalizayi ndi yomwe anthu amaiwala. Linga limakhala linga pokhapokha woteteza ali ndi move yongotaya nthawi yosaononga kanthu. Mukamulanda move imeneyo adzatsegula yekha chitseko, ndiye fufuzani bwino ngati angathe kumangopita uku n'kubwerera osatha.

Pali malinga angapo oti muziwadziwa pamtima. Lotchuka ndi la bishop wolakwika: oyera ali ndi pawn ya pa h ndi bishop woyenda mabokosi oyera, pomwe h8 ndi bokosi lakuda. King wakuda akangofika pakona pa h8 zatha, simungamuchotse, mukamupanikiza kwambiri ndi stalemate (alibe move koma sali pa check, ndiye draw). Limeneli injini zamakono zimalidziwa, koma inu mulidziwenso chifukwa pa bolodi lenileni foni ili m'thumba.

Lomwe ndimalikonda ine ndi la rook kulimbana ndi queen. Ikani king wakuda pa g8, pawn pa g7, rook pa f6, oyera akhale ndi king ndi queen okha. Rook imangoyenda f6, h6, f6, malo onse awiri pawn ija ikuiteteza, king naye amasinthasintha pakati pa g8 ndi h7 akapatsidwa check. King woyera sangadumphe mzere wachisanu ndi chimodzi chifukwa rook yautseka, ndipo queen yekha sangapange mate. Ndinaonapo mnyamata wina wa sekondale atagwira position imeneyi, chala chili pa rook, kuikankha mabokosi awiri n'kuibweza, mnzake wa queen thukuta lili kamukamu kufunafuna polowera. Chenjezo ndi limodzi, rook isachoke pomwe pawn ikuiteteza, ikangotalikira queen amapereka check n'kuitola.

Ma bishop osiyana mtundu nawonso amabala malinga ambiri, munthu atha kutsala ma pawn awiri koma n'kutseka njira pa mabokosi a bishop wake, mnzake osapita patsogolo.

Ngati ndinu woteteza, chovuta kwambiri ndi kuugwira mtima. Mu 2017 a Penrose Institute anatulutsa position ina yomwe inazunguza ma injini: akuda ali ndi queen, ma rook awiri ndi ma bishop atatu onse oyenda mabokosi akuda, oyera ali ndi king ndi ma pawn ochepa chabe. Injini zinkati akuda awina kale. Koma zida zazikuluzo zinali zotsekeredwa ndi ma pawn, ndipo oyera ankangofunika kuyendetsa king pa mabokosi oyera osakhudza china chilichonse. Rook ili pakamwa pa pawn, dyera likuti idye, koma ukadya watsegulira queen. Ndiye mukamanga linga lanu pezani ma move awiri otetezeka, muziwabwereza, ndipo ngati ndi pa mpikisano lembani ma move anu bwino pa pepala kuti akakwana 50, kapena position ikabwera katatu, muitane arbiter (woyang'anira mpikisano) ndi umboni m'manja.