Mmene Mungafikire pa Doko la Sitima Zoona Malo pa Tchuthi cha Nyengo Yachisanu

Sitima yapamadzi yonyamula anthu okaona malo sidikira munthu wochedwa, ngakhale atachedwa chifukwa cha chipale chofewa chimene chatseka msewu kapena chifukwa sitima yapamtunda yaima panjira. Choncho amene akukonza ulendo wotere pa tchuthi cha Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, pamene mayiko a ku Ulaya ndi ku North America amakhala m'chisanu choopsa, ayenera kuuganizira mozama ulendo wopita ku doko monga mmene amauganizira ulendo wapanyanjawo. Yambani kuwerengera pa ola limene kampani yalamula kuti aliyense akhale atakwera, kenako muzibwerera m'mbuyo mpaka mupeze ola lonyamukira pakhomo. Makampani ambiri amasiya kulandira anthu kukatsala ola limodzi kapena ola ndi theka kuti sitima inyamuke, ndipo mukamalembetsa pa intaneti amakupatsani nthawi yanuyanu yofikira, motero ola lonyamuka sitima limene lili pa tikiti si loti mulidalire.

Langizo loposa ena onse ndi lakuti mukagone mumzinda wa dokolo usiku woti mawa lake mukukwera. Ndalama ya hotela ya usiku umodzi ndi yochepa poiyerekeza ndi imene mungataye sitima ikakusiyani, chifukwa zikatero mumayenera kuitsatira ku doko lotsatira ndi ndalama zanu, ndipo nthawi zina ngakhale zimenezo siziloledwa. Ku United States, mwachitsanzo, kuli lamulo la mu 1886 loletsa sitima zolembetsedwa kumayiko ena kunyamula anthu kuchoka pa doko lina la dzikolo n'kukawatsitsa pa doko linanso la dziko lomwelo, ndipo lamuloli limalepheretsa ena kukwerera panjira.

Kwa amene asankha sitima yapamtunda, chinthu choyamba ndi kufufuza ngati sitimayo ikuyenda n'komwe pa tsikulo, pakuti masiku a tchuthi ali ndi ndondomeko yawoyawo. Ku Britain sitima za pa njanji zikuluzikulu siziyenda pa 25 Disembala, pa 26 Disembala zimayenda zochepa kwambiri, ndipo bungwe la Network Rail limakonza njanji masiku a pakati pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano chifukwa anthu opita kuntchito amakhala ochepa. Zotsatira zake n'zakuti ulendo wochoka ku siteshoni ya London Waterloo kupita ku siteshoni ya Southampton Central, mumzinda wa doko wa Southampton, umene masiku ena umatenga pafupifupi ola limodzi ndi mphindi 20, ungatalike kapena mbali ina mungaiyende pa basi, zimene zimasautsa munthu amene ali ndi masutikesi akuluakulu. Dziwaninso kuti mayiko ambiri a ku Ulaya amasintha ndondomeko ya maulendo a sitima chapakati pa Disembala chaka chilichonse, choncho nthawi imene munaiona mu Okutobala muitsimikizenso kukatsala masiku ochepa.

Gulani tikiti msanga ndipo musungitse mpando ngati n'zotheka, chifukwa nyengo imeneyi sitima zimadzaza ndi anthu opita kukaona abale awo, ndipo malo oika katundu amatha mofulumira kuposa mipando. Sitima yopita molunjika ndi yabwino kuposa yofuna kusintha kawiri, ngakhale itakhala yochedwerapo kapena yodulirapo. Ngati kusintha sikungapeweke, siyani mpata wokwanira pakati pa sitima ziwirizo, ndipo musasankhe sitima yomaliza imene ingakufikitseni pa nthawi yake. Sankhani imene ili ndi ina kapena ziwiri pambuyo pake, kuti yoyambayo ikalephereka mukhale ndi pothawira. Ku Italy, tikiti yapepala ya sitima za m'zigawo iyenera kudindidwa pa makina a pasiteshoni musanakwere, apo ayi mungalipitsidwe chindapusa.

Pamene anthu ambiri amapunthwa ndi pa kamtunda kotsala pakati pa siteshoni ndi pamene sitima yapamadzi yakocheza. Mapu amaonetsa ngati doko lili pafupi, koma doko ndi dera lalikulu lokhala ndi zipata zingapo, ndipo kulowera chipata cholakwika kumadya nthawi. Southampton ili ndi malo asanu okwererapo, omwe ndi Ocean, Mayflower, City, QEII ndi Horizon, ndipo salowera chipata chimodzi, choncho woyendetsa takisi muyenera kumuuza dzina la malowo, osati dzina la sitima lokha. Ku Civitavecchia, doko lotumikira mzinda wa Rome, sitima yapamtunda yochoka ku siteshoni ya Roma Termini imatenga ola limodzi kapena kupitirirapo pang'ono, koma mukatsika mumafunikabe kupita ku Largo della Pace kumene mabasi a padoko amatengera anthu. Ku Genoa zinthu n'zosavuta, popeza siteshoni ya Piazza Principe ili pafupi moti munthu wa katundu wochepa amatha kuyenda wapansi. Ku Florida, sitima zapamtunda za kampani ya Brightline zimalumikiza Miami, Fort Lauderdale ndi bwalo la ndege la Orlando kuyambira mu 2023, koma sizifika ku doko la Port Canaveral, ndipo makilomita pafupifupi 70 otsala kuchokera ku bwalo la ndegelo muyenera kuwakonzera basi kapena galimoto pasadakhale.

Galimoto imakupatsani ufulu wonyamuka nthawi imene mukufuna ndiponso wonyamula katundu wambiri, koma paja walira mvula walira matope: udindo wonse wa msewu wachisanu umakhala pa inu. Yambani ndi matayala, chifukwa m'mayiko ena nkhaniyi ndi ya lamulo. Ku Germany galimoto iyenera kukhala ndi matayala a nyengo yachisanu nthawi iliyonse pamene msewu uli ndi chipale kapena madzi oundana, ndipo kuyambira mu Okutobala 2024 ovomerezeka ndi okhawo okhala ndi chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu. Ku Austria lamulo lofanana nalo limagwira ntchito kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 15 Epulo, ku Italy misewu yambiri imafuna matayala otere kapena kukhala ndi matcheni omanga pa matayala m'galimoto kuyambira pa 15 Novembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo ku France madera a kumapiri amatero kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 31 Malichi. Amene akudutsa mayiko angapo popita ku doko la ku Mediterranean ayenera kutsatira malamulo a dziko lililonse limene adutsemo, ndipo amene akubwereka galimoto afunse za matayala asanasaine.

Pimitsaninso batire, popeza kuzizira kumaifooketsa, ndipo muthire madzi otsukira galasi amene saundana. Galimoto yamagetsi imayenda mtunda wocheperapo kukazizira, choncho malo otchajira muwakonze moyandikana kuposa masiku onse. Malamulo a pamsewu a ku Britain amachenjeza kuti pa madzi oundana galimoto ingafunike mtunda wowirikiza ka 10 kuti iime, ndipo milatho ndi malo a mthunzi ndi amene amayamba kuundana pamene msewu wonse ukuoneka wabwino. Kuwala nakonso n'kochepa: ku London dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko masana mu Disembala, motero ulendo wautali uyambike m'mawa kuti mbali yovuta muidutse kukuwala. M'galimoto mukhale bulangete, tochi, madzi akumwa, chopalira galasi ndi chotchajira foni, ndipo mafuta asatsike kupitirira theka la thanki, chifukwa ngozi imodzi pamsewu waukulu imatha kuimitsa magalimoto kwa maola angapo.

Amene akuchokera kumpoto chakum'mawa kwa United States kupita ku madoko a ku Florida ali ndi njira ina yophatikiza zonse ziwiri. Sitima yapamtunda ya kampani ya Amtrak yotchedwa Auto Train imanyamula anthu pamodzi ndi magalimoto awo kuchoka ku Lorton, m'boma la Virginia, madzulo n'kukafika ku Sanford, kufupi ndi Orlando, m'mawa mwake, ndipo imakupulumutsani ku mbali yaikulu ya msewu wa I-95 umene umadzaza pa tchuthi.

Malo oimika galimoto musungitsiretu, chifukwa a padoko penipeni amatha msanga pa nyengoyi. Ena amakhala kunja kwa doko ndipo amatumiza anthu pa basi, ndiye mufunse kuti basiyo imayenda kangati pa ola. Mahotela ena a pafupi ndi madoko amalola galimoto kutsala pamalo awo masiku onse a ulendo mukagonako usiku umodzi, ndipo m'nyengo yachisanu imeneyi ndiyo njira imene ndimaiona yanzeru, popeza imathetsa nkhani ya malo ogona ndi ya galimoto pakamodzi. Kumbukirani kuti galimoto imene yakhala panja pozizira kwa sabata imodzi kapena ziwiri ingakane kulira pobwerera, choncho zingwe zolizira galimoto pogwiritsa ntchito batire ya galimoto ina zikhale mu buti.

Kaya mwabwera pa njanji kapena pamsewu, pasipoti, mapepala okwerera, mankhwala ndi chovala chofunda zikhale m'chikwama cham'manja, chifukwa masutikesi akuluakulu mumawapereka pachipata ndipo amafika kuchipinda chanu patapita maola. Mangirirani zikwangwani za katundu zimene kampani yakutumizirani mutatsika sitima yapamtunda, kuti zisathothoke panjira. Werengani inshuwalansi yanu kuti muone ngati imalipira munthu amene wasiyidwa chifukwa cha nyengo yoipa, ndipo sitima yapamtunda ikachedwa mupemphe umboni wolembedwa, popeza a inshuwalansi amaufuna. Nambala ya foni yangozi ya kampani ya sitima yapamadzi imapezeka pa mapepala anu. Ilembeni papepala lapadera, ndipo mukangoona kuti muchedwa imbani nthawi yomweyo kuti akuuzeni ngati mungalandiridwebe kapena ngati mukuloledwa kukakwerera pa doko lotsatira.