Kusambira kwa mu Ruo si satifiketi: njira yopezera ntchito ya lifeguard muli kunja

Abale anga a ku Mulanje ndi ku Thyolo amene muli ku Joni, ku UK kapena ku Ireland, pali ntchito imene ambiri timaidutsa osaiganizira n'komwe, chonsecho tinakulira m'madzi. Ndikunena ya lifeguard, munthu uja amakhala pampando wautali m'mbali mwa dziwe losambiramo kapena kunyanja, kuyang'anira kuti wina asamire. Mwana amene ankawoloka Ruo kapena Thuchila, kapena amene anadumphirapo m'madzi ozizira a pa Dziwe la Nkhalamba ku Likhubula, mantha a madzi alibe, ndipo pamenepo wayamba kale bwino. Koma kumeneko sakufunsani kuti munakulira kumtsinje uti. Amangotulutsa wotchi.

Ku UK satifiketi imene mabwana ambiri a maiwe osambiramo amafuna ndi NPLQ, yochokera ku bungwe la Royal Life Saving Society UK. Muyenera kukhala ndi zaka 16 kapena kuposa, ndipo kosi yake ndi ya maola osachepera 36, kenako mayeso. Musanayambe n'komwe amakuyesani m'madzi: kudumphira pakuya, kusambira mamita 50 pasanathe masekondi 60, kusambira mamita 100 osaima chafufumimba ndi chagada, kuyandama pamalo amodzi masekondi 30, kumira mpaka kukhudza pansi, ndi kutuluka m'dziwe popanda makwerero.

Pa mamita 50 aja ndi pamene kusambira kwathu kwa kumudzi kumatigwetsa. Ife timasambira mutu uli kunja, manja akumenya madzi phwaphwaphwa, miyendo italendewera pansi, ndipo nthawi zambiri mtsinje ndiwo umatikankha. M'dziwe madzi ali duu, palibe chokukankhani. Mutu ukakhala m'mwamba chiuno chimamira, ndiye mumafika pakati mpweya utatha kale. Chofunika ndi kuphunzira kuika nkhope m'madzi, kutulutsira mpweya momwemo, n'kupendekera kumbali pokoka wina. Musachite manyazi kulembetsa maphunziro a akuluakulu pa dziwe la khonsolo la kufupi ndi kwanu, ngakhale muli bambo wa ana atatu. Tengani mnzanu aime kumapeto ndi wotchi ya pa foni. Mukamakwanitsa nthawi ija mosavutika, osati mwamwayi kamodzi, ndiye kalipireni kosi. Ndalama ya kunja timaipeza movutikira, ndipo kumudzi akudikira ya feteleza ndi ya fizi. Musaitaye pa kosi yoti tsiku loyamba lomwelo akubwezani.

Ku Joni bungwe lake ndi Lifesaving South Africa, ndipo khomo lolowera ndi makalabu ake. Mumayamba ngati wodzipereka, kuphunzira ndi anzanu, mpaka kulemba mayeso a Lifeguard Award, amene amabwerezedwa chaka chilichonse. Wa kunyanja amafunika kusambira mamita 400 pasanathe mphindi 8, kutanthauza kudutsa dziwe la mamita 25 maulendo 16 osapumula. Nyanja ya mchere ili ndi khalidwe lake limene ife a kumapiri sitilidziwa: pamakhala kanjira ka madzi obwerera kukuya mwamphamvu, amati rip current, ndipo pamwamba pake pamaoneka pabata, n'chifukwa chake alendo amakonda kulowera pomwepo. Mukalimbana nako kulunjika kumtunda mumatopa. Mumasambira motsata gombe kaye mpaka mutatulukamo. Makhonsolo a ku Cape Town ndi Durban amalemba anthu ambiri nyengo ya tchuthi cha Disembala ikamayandikira, choncho yambani kukonzekera nthawi yachisanu.

Za mapepala ndinene mosabisa. Satifiketi ya lifeguard si pemiti, ndipo siisintha viza imene muli nayo. Ophunzira a ku yunivesite ku UK, komanso amene ali ndi chilolezo cha ophunzira cha Stamp 2 ku Ireland, amaloledwa kugwira ntchito maola 20 pa sabata sukulu ikakhala yotsegula, ndipo ntchitoyi imayenda bwino ndi malire amenewo chifukwa mashifiti ake ambiri ndi a m'mamawa, madzulo ndi kumapeto kwa sabata. Ku England ndi Wales yembekezaninso kufufuzidwa mbiri yanu kudzera mu DBS, bungwe la boma loona ngati munthu anapalamulapo mlandu, popeza muzikhala pakati pa ana. Wina akakuuzani pa WhatsApp kuti akupezerani satifiketi osanyowa n'komwe, muthaweni. Tsiku limene mwana wa munthu adzamire inu muli pampando, pepala labodza silidzamutulutsa m'madzi.

Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti mbali yaikulu ya ntchitoyi ndi maso, osati manja. Munthu amene akumira kawirikawiri sakuwa. Amaima chilili m'madzi, mutu utagwera kumbuyo, pakamwa pakulowa ndi kutuluka m'madzi, manja akukanikiza pansi ngati akukwera makwerero osaoneka. Mwana akhoza kumira chete amayi ake ali pafupi akucheza. N'chifukwa chake pa kosi amaphunzitsa kuti maso anu azizungulira dera lanu lonse mosalekeza, ndipo mukhale pamalo poti mungafike paliponse m'deralo m'masekondi 20. Foni imatsala m'loka. Muphunziranso kutulutsa munthu wovulala msana popanda kumupinda khosi, kugwiritsa ntchito makina odzidzimutsa mtima a AED, ndi CPR, njira yotsitsimutsira munthu amene wasiya kupuma, imene kwa womira imayamba ndi kumuuzira mpweya kasanu, kenako kukanikiza pachifuwa ka 30 ndi kuuzira kawiri, mobwerezabwereza. Ife amene tinaona zimene namondwe Freddy anachita kwathu mu Malichi 2023 sitifunika kuuzidwa kuti luso lotereli ndi lofunika bwanji.

Konzekeraninso pakamwa. Ulemu wathu wolankhula motsitsa mawu kwa akuluakulu sugwira pano: wezulo ikalira muyenera kulamula mokweza m'Chingerezi, ngakhale wolakwayo ali wa msinkhu wa agogo anu, kenako kulemba lipoti lomveka la zimene zachitika.

Mukasamuka dziko musaganize kuti pepala lanu lilandiridwa lokha. Ku America, mwachitsanzo, malo ambiri amafuna ya American Red Cross, imene munthu amayamba ali ndi zaka 15. Funsani bwana wa dziwe limene mukufuna kugwirako kuti amalandira satifiketi iti musanalipire kalikonse. NPLQ imatha mphamvu pakapita zaka 2, ndipo kuti muikonzenso muyenera kuonetsa maola 20 a maphunziro opitiriza, osainidwa ndi mphunzitsi. Lembani tsiku lothera pamalo poonekera, chifukwa likakudutsani muyambiranso kosi yonse ndi ndalama zake.