Nyanja ya kunja si ya ku Mangochi: munthu akamamira mumaimbira ndani?

Abale anga muli kunjanu, makamaka a ku UK, ku Ireland ndi ku Joni, ndikulemba ndili kuno ku Chilomoni magetsi angobwera kumene ndiye ndiyankhula mwachangu. Sabata yatha mphwanga yemwe ali ku Cape Town ananditumizira kavidiyo ataima pamiyala mafunde akuomba kumbuyo kwake, iye mano onse pamtunda. Ndinamufunsa kuti aise, madziwo atakukokolola anzakowo aimbira ndani? Akuti apolisi. Nambala yake? Zii.

Vuto lathu ife a ku Blantyre madzi timawadziwira ku Mudi ndi ka ulendo ka pa Isitala kopita ku Mangochi, basi tikuti nyanja tikuidziwa. Ine ndinakhalako zaka zingapo m'tauni ina ya m'mbali mwa nyanja ku UK ndipo chinthu choyamba chomwe chinandidabwitsa n'choti kumeneko nyanja ili ndi ofesi yakeyake yomwe sigona.

Ku UK amatchedwa HM Coastguard. Gombe lonse analigawa m'zigawo ndipo ali ndi malo oyendetsera ntchito ku Dover, Aberdeen, Falmouth, Holyhead, Belfast ndi kwina, malo aakulu oyendetsera ntchitozi ali ku Fareham. Musaganize kuti ukaimba foni amene wayankhayo ndi amene athamangire m'boti ayi. Iyeyo wakhala pa kompyuta ndi wailesi, ntchito yake ndi kumva komwe ngozi ili, kuwerengera komwe mphepo ndi madzi zikumukankhira munthuyo, kenako n'kusankha woti atume, kaya helikopita, kaya gulu lodziwa kuvuula anthu m'matope ndi m'maphompho, kaya boti la RNLI, kayanso sitima yomwe ikungodutsa pafupi poti lamulo la panyanja limati kaputeni akamva kuti anthu ali pangozi ayenera kukathandiza. A RNLI-wo si aboma, ndi bungwe lachifundo lomwe linayamba mu 1824 ndipo ambiri okwera mabotiwo ndi anthu ongodzipereka, wina pulambala wina mphunzitsi, kabelu kakalira amasiya zonse n'kuthamanga. Akakupulumutsa salipiritsa.

Ndiye ku UK mukaimba 999 mawu oyamba nenani kuti coastguard. Ambirife timayamba ndi kulira kenako n'kupempha ambulansi, chonsecho ambulansi siyenda pamadzi, nthawi ikungotha. Ku Ireland ndi 112 kapena 999, mawu ake omwewo, malo awo ali ku Dublin, Malin Head ndi Valentia. Ku Joni zinthu n'zosiyanako, kulibe gulu limodzi lotchedwa coastguard, oyendetsa zopulumutsa anthu ndi ofesi yotchedwa MRCC ya ku Cape Town yomwe ili pansi pa SAMSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha panyanja, koma amene mudzawaone akubwera ndi boti nthawi zambiri ndi a NSRI, nawonso ongodzipereka, anayamba mu 1967. Pa foni ya m'manja imbani 112, komanso nambala ya NSRI ya dera lanu isungeni lero lomwe. M'magombe ambiri anapachika timaboya ta pinki, si tokongoletsera, n'toti umuponyere munthu agwire.

Akayankha amafuna kudziwa muli pati, anthu ndi angati, wavala zamtundu wanji, walowa m'madzi nthawi yanji. Apa mpomwe timagwa nayo chifukwa timangotsatira anzathu osadziwa n'komwe dzina la gombelo. Mukangofika werengani chikwangwani, kapena chijambuleni pa foni. Mukaimba musadule, ndipo mmodzi asachotse maso pa munthu ali m'madziyo, azimuloza ndi dzanja, mutu wa munthu umasowa msanga pakati pa mafunde. Zodumphiramo kuti ukhale ngwazi ayi achimwene, maliro amakhala awiri.

Tsopano chomwe kwathu kulibe. Nyanja yathu imavuta ndi mwera, inde, koma siphwa m'mawa n'kudzazanso masana. Ya mchere imatero, kawiri pa tsiku, pakangotha maola pafupifupi 6 yasintha. Ukhoza kuyenda pamchenga wouma bwinobwino mtunda wautali, pocheuka n'kupeza madzi akuzinga kumbuyo njira yatsekeka. Mu February 2004 ku Morecambe Bay, ku UK, anthu oposa 20 ochokera ku China anafa choncho akutola nkhono usiku, anali pa ganyu ngati momwe ifenso timagwirira maganyu, owatuma osawauza za madziwo. Wina akakupezerani ganyu ya pagombe funsani kaye nthawi yomwe madzi abwerere, zimalembedwa pa intaneti tsiku lililonse.

Palinso mkokomo wa madzi obwerera mkati womwe umakoka munthu ngakhale wodziwa kusambira, ndipo malo ake amaoneka odekha ndiye amanyenga. Ukakugwira usalimbane nawo kuti ubwerere molunjika kumtunda, utopa, gona chagada uyandame, kweza dzanja, ukapeza mphamvu sambira cham'mbali. Madzi a ku UK ndi a mbali ya Atlantic ku Cape Town ndi ozizira moti ukagweramo mpweya umabanika miniti yoyambayo, yandama kaye mpaka kupuma kubwerere. Sambirani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu, ikakhala yofiira yokha musalowe, olo mwalipira thiransipoti yochuluka bwanji.

Inu ogwira ntchito m'maboti a nsomba, tchanelo 16 pa wailesi ya VHF ndi ya ngozi ndipo imamvedwa usana ndi usiku. Moyo ukakhala pachiswe umati Mayday katatu, dzina la boti, pomwe muli, vuto lake, anthu angati. Likakhala vuto loti silinafike pa imfa, monga injini yazima, umati Pan-Pan. Funsani bwana akuonetseni pomwe pali EPIRB, kachipangizo kamene kamatumiza uthenga kudzera pa setilaiti boti likamira, ndipo jekete yoyandamitsa muzivala, osaikhalira ngati pilo.

Mbali ya chitetezo ndingoidutsa mwachidule. Sitima zikuluzikulu zimaulutsa dzina ndi pomwe zili kudzera pa AIS ndiye ofesi zija zimaziona pa sikirini, pa Dover mpaka pali misewu ya pamadzi, zopita uku mbali yake zobwera mbali yake. Mafuta akatayika m'nyanja amayambanso ndi iwowo. Koma za katundu wozembetsa ndi anthu olowa mozemba zimapita kwa apolisi ndi Border Force, oyang'anira malire a UK, ndiye kachikwama ka munthu wina koti ukangopereka padoko musanyamule. Za timaboti ta mphira todutsitsa anthu mozemba kuchoka ku France kupita ku UK zija, mu November 2021 anthu osachepera 27 anafera pamenepo tsiku limodzi.

Ndikudziwa ena mapepala sali bwino ndiye mumaopa foni iliyonse ya boma. Woyankha foni ya coastguard chomwe akufuna ndi kudziwa pomwe munthu akumira, nkhani ya mapepala ili ndi ofesi zake ndipo loya amaiyankhulira munthu wamoyo. Kutumiza thupi kuchokera ku Cape Town mpaka kuno tonse tikudziwa momwe timavutikira kusonkha m'magulupu a WhatsApp. Mphwanga uja ndamuuza anditumizire sikirinishoti yoonetsa kuti nambala wasunga, mpaka pano ndikudikirabe.