Musanalipire kukajambulitsa ndi kamwana ka mkango

Tchuthi chayandikira, ndipo ambiri a ife kuno ku Harare tikufuna kukaonetsa ana nyama zakutchire. Ndikupempheni chinthu chimodzi, abale anga: malo amene akukupatsani kamwana ka mkango kuti mukanyamule pojambulitsa, apitirireni. Kamwanako amakalanda kwa make kakadali koyamwa kuti kazolowere manja a anthu. Kakakula sikagwirikanso, komanso sikangabwerere kutchire chifukwa sikadziwa kusaka ndipo sikaopa munthu. Ndiye kamathera kuti? Muwafunse funso limeneli pachipata, mudzaona akuyankha mozungulira.

Ine ana anga ndimapita nawo ku Mukuvisi Woodlands, komwe mbidzi, nyamalikiti ndi agwape zimadya momasuka mu nkhalango ya miombo, ife n'kumaonera patali. Amene ali ndi galimoto apite ku Lake Chivero, kuli zipembere. Fikani m'mamawa, dzuwa likakwera nyama zimabisala pamthunzi ndipo ana amangodandaula kuti sanaone kanthu. Anyani musawapatse chakudya, ngakhale akuchitseni chifundo bwanji, chifukwa akazolowera amayamba kulanda ndi kuluma, kenako amawomberedwa.

China n'chakuti munthu akakunong'onezani kuti ali ndi ngaka yogulitsa, musaigule poganiza kuti mukuipulumutsa. Ndalama yanuyo imamutuma kukagwira ina. Lamulo la Zimbabwe limapereka zaka zosachepera 9 kundende kwa wopezeka nayo. Dziwitsani a ZimParks, bungwe la boma loyang'anira nyama zakutchire, kapena apolisi, iwo amazipereka ku Tikki Hywood Foundation komwe amazisamalira mpaka zibwerere kutchire.