Mmene ndinathetsera chimbuuzi pa zithunzi za skateboard

Zithunzi zanga za osewera skateboard (thabwa la timatayala) zinkatuluka zachimbuuzi, munthu akalumpha miyendo ndi thabwa n'kusakanikirana. Vuto linali shutter, kachitseko ka mu kamera kamene kamatseguka n'kutsekeka kuti kuwala kulowe. Kamera ikakhala pa auto imakonda kusankha liwiro lochepa, makamaka dzuwa likapendeka. Ndinaisintha kukhala pa shutter priority, pomwe liwiro la shutter umasankha wekha, n'kuika 1/1000 ya sekondi, ISO (mmene kamera imamvera kuwala) n'kuikweza mpaka 800 kuti chithunzi chisade. ISO ikakwera, timadontho timaoneka pang'ono pa chithunzi, koma bola timeneto kusiyana ndi nkhope yosazindikirika.

Autofocus, yomwe imachititsa kamera kulunjika yokha pa chinthu kuti chioneke bwino, nayo inkachedwa. Tsopano ndimaikiratu focus m'mphepete mwa ramp (kachitunda koseweretsapo skateboard) pomwe munthu alumphire, ndimanjuta chapafupi, akangonyamuka n'kudina batani osalekeza. Wosewerayo ndimayamba ndamufunsa komwe akatere kuti tisagundane.