Momwe mungapangire tizigaza ta shuga ndi ana, ngati mmene amachitira ku Mexico

Ndikuuzirenitu, mukangonena kuti ana bwerani lero tiumba zigaza, wina m'nyumbamo akuyang'anani ndi diso lina. Kwathu kuno chigaza ndi nkhani ya afiti, ya kumanda usiku, apo ayi ndi kachithunzi kaja kamakhala pa botolo la mankhwala ophera tizilombo. Ife tsiku loyamba azakhali a ana anatipeza titayanika tizigaza 6 pa thebulo, anangoima pakhomo osalowa n'kufunsa kuti kodi achimwene mwalowa mpingo wanji. Ndiye musanagule ndi shuga yemwe, dziwani kaye nkhani yake kuti mukhale ndi choyankha, kwa ana ndi kwa akuluakulu omwe.

Ku Mexico pa 1 ndi pa 2 November amakhala ndi mwambo wotchedwa Día de Muertos, kutanthauza tsiku la akufa. Pa 1 amakumbukira ana amene anamwalira, pa 2 akuluakulu. Akatolika mwazindikira kale masikuwa, ndi omwe aja a Oyera Onse ndi okumbukira mizimu ya omwalira, kungoti kumeneko zinasakanikirana ndi miyambo ya eni nthaka omwe analipo azungu a ku Spain asanafike. Anthu amakalambula kumanda, amayala maluwa achikasu, amayatsa makandulo, ena mpaka kuchezera konko usiku wonse akudya ndi kuimba, makamaka madera ngati Pátzcuaro ku Michoacán ndi ku Oaxaca. Chikhulupiriro chake n'chakuti masiku amenewa malemu amabwera kudzacheza kwawo, ndiye mlendo salandiridwa ndi nkhope yakugwa. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika mwambowu pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika kusungidwa mu 2008.

Tizigazati amatitcha calaveritas de azúcar. Nzimbe zinafika ku Mexico ndi anthu a ku Spain m'zaka za m'ma 1500, zisanafike a Aztec, ena mwa eni nthaka aja, ankaumba tizifanizo ta pa miyambo yawo ndi njere za mbewu ya mtundu wa bonongwe, eya bonongwe yemweyu timathyola kuseri kwa khola, ndipo mpaka pano zigaza zina amapanga ndi njere zomwezo kapena chokoleti. Amisiri enieni amawiritsa shuga mpaka asanduke madzi olemera n'kuthira mu zikombole zadothi, ndipo mumzinda wa Toluca chaka chilichonse kuyambira October kumakhala msika wa zimenezi wotchedwa Feria del Alfeñique. Koma shuga wowira ndi ana siziyenderana, amawotcha kuposa phala ndipo amamatirira pakhungu, ndiye ife tipanga njira yozizira yosafuna moto.

Zofunika

Shuga woyera wa mchengamchenga makapu 4, wabulawuni ayi chifukwa chigaza chimaoneka ngati chafukulidwa kumene komanso makala saonekera bwino. Mazira 2, koma tikufuna choyera chokha, chachikasucho mukazingire ana. Icing sugar pafupifupi magalamu 250, mandimu limodzi, makala a keke aja amathira mu mafilizi, timapepala ta mafilizi tomweto, katoni yodula tizidutswa, ndi mapepala onyezimira a maswiti amene ana amataya. Ngati icing sugar simunamupeze sinjani shuga wamba mu mtondo wouma bwino n'kusefa kawiri, safika posalala ngati wogula koma ntchito amagwira.

Amene muli ku Joni kapena ku UK mukhoza kupeza meringue powder mu mashopu a zophikira makeke, ameneyo amalowa m'malo mwa dzira, muyezo wake ndi tiyisupuni imodzi ya powder ndi tiyisupuni imodzi ya madzi pa kapu iliyonse ya shuga. Zikombole zapulasitiki za zigaza zimapezekanso pa intaneti. Enafe tilibe, ndiye timagwiritsa chipande, inde chomwe chija choomolera nsima, chifukwa mtanda wa nsima ukauyang'anitsitsa ndi mutu wa munthu kale. Chipande chaching'ono kapena supuni yakuya ndiye zabwino, tizigaza tating'ono timauma msanga.

Kusakaniza

Thirani shuga mu beseni louma. Menyani choyera cha dzira limodzi ndi foloko pang'ono chabe kuti chisungunuke, kenako muzithira pang'onopang'ono uku mwana akufikisa ndi manja, osathira chonse nthawi imodzi. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, amaona ngati shugayo wauma kwambiri n'kuwonjezera madzi, basi zonse phala. Chomwe mukufuna ndi ngati mchenga wa kunyanja pamene funde langobwerera kumene, wonyowa koma osadontha. Fumbatani m'manja mwamphamvu n'kutambasula, ngati wagwirana ndipo zala zanu zadinda ndiye wafika, ngati akuyoyoka onjezerani timadontho, ngati akunata m'manja onjezerani shuga. Mupatseni mwana mphindi zosachepera 5 akufikisa kuti pasakhale pena pouma pena ponyowa, ana amaikonda heve ntchito imeneyi, ingoyang'anirani kuti asamanyambite zala chifukwa muli dzira laliwisi.

Kuumba

Aliyense amene anaumbako njerwa apa sasowa mphunzitsi. Dzazani shuga mu chipande, tsinderani mwamphamvu ndi chala chachikulu mpaka pasakhale mpata, palani pamwamba ndi kumbuyo kwa mpeni kuti pakhale fulati, ikani kachidutswa ka katoni pamwamba, tembenuzani, n'kunyamula chipande mowongoka osagwedeza. Chikasweka musadandaule, bwezerani mu beseni n'kuyambiranso, shugayo satha ntchito. Chikakanirira mu chipande ndiye kuti mwanyowetsa kwambiri, ndipo mukaumba tingapo muzitsuka chipandecho n'kupukuta chiume.

Pamene chikadali chofewa pangani nkhope. Finyani pang'ono mbali ziwiri za kumunsi ndi zala kuti patuluke chibwano, kumtunda kukhale kotakata ngati chipumi. Maso boolani ndi kumbuyo kwa pensulo, mabowo awiri akuluakulu ndithu osati tating'ono ngati ta nkhuku, mphuno ndi kabowo kamodzi pakati, mano mudzajambula pambuyo. Mwana wa zaka 4 kapena 5 apa amafuna kumugwira dzanja chifukwa amabaya mpaka pensulo kutulukira pansi.

Kuyanika

Siyani pa katoni pomwepo usiku wonse, maola 8 mpaka 12, malo odutsa mphepo koma osati padzuwa la panja pomwe pali nkhuku ndi fumbi. Mwayi wathu ndi wakuti kumapeto kwa October kumakhala kotentha kouma, shuga amalimba ngati mwala. Koma kukachita mitambo, chizimalupsa n'kugwa, dikirani tsiku lina, chinyontho ndiye mdani wamkulu, tizigaza timangokhala tofewa osauma. Mu fuliji musaike, mumanyowetsa.

Mdani wachiwiri mukumudziwa kale, nyerere. Ife ulendo woyamba tinadzuka m'mawa kupeza chigaza chimodzi chakuda bii chikuchita ngati chikuyenda chokha, mwana wamng'ono kulira kuti chadzuka. Ikani thireyi pamwamba pa chitini, chitinicho chiime m'mbale ya madzi, thireyi isakhudze khoma.

Ngati mwapanga chachikulu ngati chibakera, pakatha maola 5 kapena 6 chitembenuzeni mosamala n'kukumba mkati ndi supuni kusiya khoma lokhuthala ngati chala, chimauma bwino mkati, ndipo shuga mwakumbayo mukhoza kuumbira china.

Kukongoletsa

Tsiku lachiwiri ndiye la chisangalalo. Menyani choyera cha dzira lachiwiri lija ndi icing sugar ndi timadontho ta mandimu mpaka zilimbe ngati mankhwala otsukira mano, mukanyamula supuni zisamagwe zokha. Gawani mu timakapu, kalikonse kala yake, thirani mu timapepala ta mafilizi, mangani, dulani kakona kakang'ono kwambiri, cholembera chanu ndi chimenecho. Kabowo kakakula mizere imatuluka ngati zingwe ndipo simungabwezenso, bola kuyamba ndi kakang'ono.

Apa muwasiye ana achite zawo. Zigaza za ku Mexico sizikhala zoopsa, zimaseka, zimakhala ndi maluwa kuzungulira maso, timadontho pa masaya, timizere topindapinda pamutu, makala owala okhaokha, pinki, yelo, girini, buluu. M'mabowo a maso matani mapepala onyezimira aja ndi kadontho ka icing, kumeneko amateronso. Mano ndi mzere umodzi wopingasa ndi timizere toimirira. Mwana akafuna kuikapo magazi ndi mano a mkango muuzeni kuti zimenezo ndi za Halloween, ndi nkhani ina, anthu ambiri amasokoneza chifukwa masiku ake ndi oyandikana.

Dzina pachipumi

Kwa ine apa ndiye pagona nkhani yonse, zina zonsezi ndi kusewera ndi shuga chabe. Pachipumi pa chigaza amalembapo dzina. Likhoza kukhala la malemu amene mukuwakumbukira, komanso kumeneko anthu amapatsana ngati mphatso cholembedwa dzina la mnzawo wamoyo, mwanthabwala, ngati kunena kuti nawenso ulendo ndi womwewu. Chachiwirichi ine sindikulimbikitsani kuno, mukapatsa neba chigaza cholembedwa dzina lake nkhani ikathera kwa amfumu. Khalani pa mayina a amene anatisiya.

Ndiye mufunseni mwana kuti tilembe ndani. Mudzadabwa, ana amakumbukira zambiri kuposa mmene timaganizira, kungoti kwathu timawabisira, maliro akachitika timawatumiza kwa aneba n'kuwauza kuti agogo apita kutali, dzina lija osalitchulanso m'nyumba. Wanga wamkulu anasankha agogo ake aamuna amene anawaona ali ndi zaka 3 zokha, ndipo ali mkati mojambula anayamba mafunso, ankakonda kudya chani, n'chifukwa chani ankayenda ndi wailesi paliponse, ankakukwapulani? Tinakhala ola lathunthu ndikuyankha, zina ndinachita kuimbira foni achemwali anga kuti andikumbutse. Mwana akasankha galu wake amene anafa musamuseke, mulembereni. Ndipo ngati maliro ndi aposachedwa, misozi isanaume, musakakamize, chaka chamawa chiliko.

Dzina lalitali silikwana pa kachipumi kakang'ono, lembani pa kapepala n'kumata ndi icing.

Kathebulo ka chikumbutso

Ku Mexico tizigazati timaikidwa pa ofrenda, thebulo lokonzedwa m'nyumba pomwe pamakhala zithunzi za malemu, makandulo, kapu ya madzi, mchere, buledi wapadera wotchedwa pan de muerto, mapepala amakala odulidwa mokongola otchedwa papel picado, zakudya zimene malemuwo ankakonda, ndi maluwa a cempasúchil, omwe ndi marigold yemwe uja wachikasu wonunkhira mwamphamvu amene ambiri tinadzala pakhomo osadziwa kuti kwawo ndi ku Mexico, ngati chimanga chomwe. Amati fungo ndi kuwala kwa maluwawo ndi zimene zimalondolera mizimu njira ya kunyumba.

Inu simukuyenera kukhulupirira zimenezo kuti muchite nawo, ndipo ngati mpingo wanu sugwirizana ndi zoikira akufa chakudya, dumphani gawo limenelo, ikani chithunzi ndi maluwa basi n'kuwafotokozera ana kuti anzathu a ku Mexico amachita mwakutimwakuti pa zifukwa izi. Muwaonetse pa mapu pomwe pali dzikolo, muwauze kuti kwa eni ake si masewera, ndi mwambo wa mabanja ngati mmene ife timasonkhanira pomanga chiliza. Makandulo yatsani inuyo akuluakulu, kutali ndi mapepala aja, ndipo muzimitse musanagone.

Funso lomaliza lomwe ana adzafunse ndi loti tidye liti. Yankho ndi ayi, muli dzira laliwisi, tagwiridwa ndi manja kambirimbiri, takhala pa mtetete masiku awiri, komanso n'tolimba moti dzino likhoza kutsala pomwepo. Agulireni maswiti padera kuti pasakhale milandu. Mukafuna kusunga, tikauma bwinobwino kulungani kalikonse mu pepala n'kuika mu chitini chotseka kwambiri pamalo ouma, timatha miyezi ndithu bola chinyontho cha dzinja ndi nyerere zisalowemo.