Momwe mungapezere nthawi pa masamu a kuchuluka ndi kuchepa pogwiritsa ntchito log

Samu ya mabakiteriya kapena ya carbon-14 (mtundu wa kaboni womwe umachepa pang'onopang'ono m'zinthu zakufa) ikafika pofunsa kuti "patenga nthawi yaitali bwanji?", ophunzira ambiri mitu imaima. Chovuta n'chakuti nambala yomwe mukufuna, t, yakhala pamwamba ngati pawa, ndipo kuchotsera kapena kugawa sikungaifikire kumeneko. Log ndiye ngowe yoikolera pansi, chifukwa lamulo lake limati log(a^t) = t × log a. John Napier anatulutsa njirayi mu 1614, anthu akuwerengera pamanja. Inu muli ndi kakyuleta, choncho ntchito yanu ndi kungoyala samu bwino.

Yambani ndi kulemba zomwe funso lakupatsani mu fomula iyi: N = N₀ × a^(t/p). N₀ ndi kuchuluka kwa poyamba, N ndi kwa pomaliza, a ndi nambala yomwe chinthucho chikuchulukitsidwa nayo, p ndi nthawi yomwe kusinthako kumatenga, ndipo t ndi nthawi yonse yomwe mukufuna kupeza. Chinthu chikamawirikiza kawiri, a ndi 2. Chikamatsala theka, a ndi 0.5. Chikamakwera ndi 4 peresenti pachaka, a ndi 1.04, osati 4.

Tiyese ndi mabakiteriya a E. coli, omwe akapeza chakudya chokwanira ndi kutentha koyenera amawirikiza kawiri pa mphindi 20 zilizonse. Tayamba ndi 500. Afika liti pa 30,000?

30,000 = 500 × 2^(t/20)

Apa musathamangire batani la log. Chotsani kaye 500 uja pogawa mbali zonse ziwiri, kuti 2 ndi pawa wake atsale okha:

60 = 2^(t/20)

Pamenepa m'pamene ambiri amagwera m'mbuna. Amachulukitsa 500 ndi 2 n'kulemba 1,000^(t/20), kuiwala kuti pawayo ndi wa 2 yekha; 500 wangokhala naye pafupi. Mukatero, ngakhale mudine kakyuleta molondola chotani, yankho lasochera kale.

Tsopano ikani log mbali zonse ziwiri, pawa atsike:

log 60 = (t/20) × log 2
1.7782 = (t/20) × 0.3010

Gawani 1.7782 ndi 0.3010, mupeza pafupifupi 5.907. Tanthauzo lake n'lakuti mabakiteriya awirikiza pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Chulukitsani ndi 20, mupeza mphindi 118, kutsala pang'ono kukwana maola awiri. Chenjeraninso apa: log 60 kugawa ndi log 2 si log 30. Pezani log ya nambala iliyonse payokha, kenako mugawe.

Ine sindikhulupirira yankho ndisanaliyese pamanja. Werengani: 500, 1,000, 2,000, 4,000, 8,000, 16,000, 32,000. Kuwirikiza kasanu ndi kamodzi, komwe ndi mphindi 120, kwatifikitsa pa 32,000. Ndiye kuti 30,000 pa mphindi 118 n'zomveka.

Samu ya kuchepa imayenda njira yomweyo. Carbon-14 amatsala theka pa zaka 5,730 zilizonse, ndipo Willard Libby analandira mphoto ya Nobel mu 1960 chifukwa chopeza njira yodziwira zaka za zinthu zakale pogwiritsa ntchito mfundoyi. Tinene kuti fupa latsala ndi 30 peresenti ya carbon-14 yemwe linali naye nyamayo ili moyo. Simufunika kudziwa kuchuluka kwa poyamba, chifukwa N kugawa ndi N₀ ndi 0.3 kale:

0.3 = 0.5^(t/5,730)
log 0.3 = (t/5,730) × log 0.5
−0.5229 = (t/5,730) × (−0.3010)

Ma minus awo asakuopseni. Log ya nambala iliyonse ya pakati pa 0 ndi 1 imatuluka ndi minus, ndipo mukagawa awiriwa amafafanizana. Mupeza 1.737, kuchulukitsa ndi 5,730, zaka pafupifupi 9,950. Nthawi ikakutulukirani ndi minus, bwererani mukaone ngati simunasinthanitse N ndi N₀.

Nanga batani la ln, lomwe ndi log ya mtundu wina? Limagwiranso ntchito, bola mbali zonse ziwiri mudine lomwelo: ln 60 kugawa ndi ln 2 ndi 5.907 yemwe uja. Koma funso likabwera ndi e (nambala yapadera ya pafupifupi 2.718), monga N = N₀ × e^(kt), sankhani ln, popeza ln(e^(kt)) amangotsala kt. Ndipo musadule manambala pakati pa samu. Mukalemba log 2 kuti 0.3 ndi log 0.3 kuti −0.5, fupa lija lituluka ndi zaka 9,550, mwaphonya ndi zaka 400.